Chimkuzamawu cha Musa Chitakhala Chete

A Pitala sankamvera wailesi. Mwana wawo wamkazi Mayankho anawagulira yabwino ndithu, yoyendera dzuwa, koma inangokhala pamwamba pa kabati mpaka akangaude anamangamo mudzi. Ukawafunsa ankati wailesi imadziwa za ku Ulaya, koma ukaifunsa ngati usipa wafa kudooko kwathu kuno imangokuimbira nyimbo.

Nkhani zawo iwo ankazimvera pakhonde. Nyumba yawo ili m'mphepete mwa njira yochokera kumsewu wa ku Khombedza kutsetserekera kunyanja, ndipo chiwadyereni maso matenda a shuga, mkuluyu ankakhala pampando wandalema kuyambira m'mawa, chipewa kumutu, ndodo pamiyendo, makutu ali tcheru. Njira imeneyo ndi ya ogulitsa malonda. Wosenza dengu, wokankha njinga, wopachika makatani paphewa, onse ankadutsa pomwepo akukuwa, ndipo ambiri ankakhotera pabwalo la a Pitala osaitanidwa, poti panali mthunzi ndiponso munthu wosatopa kumva.

Inu mukamva mayi akukuwa kuti "Usipa uwooo!" mumangomva usipa basi. A Pitala ankamvamo zambiri. Beauty, mayi wa dengu la nsomba, akakuwa kuti "Wauwisi, wauwisi!" mawu ali pamwamba, ankadziwa kuti nyanja yapatsa, kumabala a mowa kudzaza, ndipo mawa lake m'nyumba zina mudzauluka mbale. Akakuwa kuti "Wouma, wouma!" ndiye kuti mphepo ya mwera yakwiya, mabwato ali pamtunda. Wogula zitsulo zakutha akayamba kuchedwa m'mudzi, kuima khomo ndi khomo, iwo ankapukusa mutu, chifukwa anthu akafika pogulitsa ndi mapoto omwe ndiye kuti njala yalowa. Wa kaunjika akamatchula timalaya ta makanda, ankamvetsera pamene waima, kenako n'kutuma Mercy, mkazi wa mwana wa mlongo wawo amene ankawaphikira, kuti akaone khanda kwa auje. Ngakhale mapepala amene asing'anga amakhoma pamtengo wa mango ankauza odutsa kuti awawerengere. Akachuluka olonjeza kubweza mkazi wothawa, ankaseka mpaka kutsokomola.

"Nsomba zasowa basi," ankatero. "Usipa ukathawa, akazi amatsatira."

Koma mkulu wa onsewa anali Musa wa mankhwala a makoswe. Musa sankavutitsa kukhosi kwake. Anali ndi chimkuzamawu chofiira chomangirira pahandulo ya njinga, anajambuliramo mawu ake, ndipo chinkangobwereza chokha osapuma:

"Mankhwala a makoswe! Mphemvu, nsikidzi, nthata! Khoswe amafera pomwepo, safera kudenga!"

Chinthu chimenechi chinkayamba kumveka chili kuchigayo, ndipo a Pitala ankachilondola ndi khutu: chachoka pachigayo, chafika pamjigo, chikudutsa kwa Che Binali, icho chatulukira pamango. Musa akawonjezera anankafumbwe m'mawu akewo, ndiye kuti ku Chitala akolola. Akatsogoza nsikidzi, ana a sukulu zogonera komweko abwera ku holide ndi mabulangete awo. Ndipo kuzimitsa sankazimitsa, abale. Ngakhale akaima kwa a Pitala kumwa madzi ndi kucheza, ankangotembenuza njinga kuti chikamwa cha chinthucho chiloze kutchire. Malo amodzi okha ndi amene chinkakhala chete, pamaliro. Akaona masamba aikidwa pamsewu, Musa ankatsika njinga, kuvula kapu, kuzimitsa, n'kudutsa mokankha monga achitira aliyense woleredwa bwino.

Ndiye kunabwera Mayankho kuchokera ku Lilongwe, ndi chikwama cha matayala ndi maganizo okonzakonza.

Musamuweruze mwanayu, ndapota nanu. Mtima wake unali wabwino, kungoti mtima wabwino wa m'tauni umabwera ndi geti. Chimwalirireni mayi ake, a Fanny, tulo sankatiwona akaganiza za munthu wosaona ali yekha kunyanja. Anamangitsa chipinda kuseri kwa nyumba yake, chimbudzi cha m'kati momwemo, mpanda wa njerwa kuzungulira, kuti bambo ake akapume. Anatenga tchuthi kuntchito, ndipo tsiku lomwe anafika ananeneratu poyera kuti pobwerera sabwerera yekha.

M'mawa mwake Beauty anakhota monga mwa masiku onse, natula dengu pakhonde.

"Agogo, mwadzuka bwanji? Lero ndiye muli nkhani, mpaka mudabwa."

Mayankho anatulukira pakhomo, tsache m'manja. "Sitigula, mayi. Zikomo."

"Ayi, sikuti ndikugulitsa, ndimati ndingowaona agogowa."

"Nanga dengulo mwatuliranji?"

Beauty anayang'ana Mayankho, anayang'ana dengu lake, anasenza, ulendo. Wa makatani anabwezedwa asanatsitse ndi katani imodzi yomwe. Musa ndiye sanafike ndi pamthunzi pomwe.

"Achimwene, tachotsani chinthu chanucho pano. Bambo anga ndi odwala, phokoso lotere si labwino kwa iwo. Muzidutsa kumsewu komweko."

Musa, munthu waulemu wake, anangoti "Pepani, achemwali," n'kutembenuza njinga. Ndipo pamudzi nkhani siigona. Pofika masana aliyense wosenza kanthu anali atamva kuti kwa a Pitala kwabwera bwana, ndipo kuyambira tsiku limenelo onse ankadutsa chapatali, akukuwa kuloza kunyanja.

"Wandithamangitsira alendo, Maya," anatero a Pitala akumwa tiyi wopanda shuga, amene ankadana naye kuposa matenda enieniwo.

"Alendo ake ati, ababa? Anthu onsewa akufuna m'thumba mwanu. Alipo mmodzi amene amabwera chimanjamanja?"

"Wobwera chimanjamanja amabwera kudzapempha. Awa amabwera atanyamula."

"Atanyamula mankhwala a makoswe! Inu muli ndi makoswe?"

"Makoswe ndilibe, koma makutu ndili nawo. Iwowo amakuwa za malonda awo, ine ndimatolapo za mudzi. Alipo amene waluza pamenepa?"

Mayankho anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, natenga phazi limodzi kuliyang'ana ngati lili ndi bala, monga anamuuzira a dokotala. Anali ndi manja a mayi ake, ofewa koma osanyengerera.

"Ku Lilongwe mukapuma, ababa. Kwathu kuja kuli zii, mbalame zokha."

"Zii ndikam'peza kumanda, mwanawe. Ukundifulumiziranji?"

"Musamayankhule choncho."

A Pitala anamva chisoni kuti amupweteka. Anam'papasa kumutu. Kenako ananena chimene chinali pansi penipeni pa mtima wawo, chimene anali asanauzeko munthu.

"Ndi Binali. Sali bwino mnzanga uja."

Che Binali ndi a Pitala anakulira m'bwato limodzi. Wina Msilamu, wina wa mpingo, koma nyanja siifunsa za zimenezo. Che Binali ndi amene ankayatsa nyali zokopera usipa, a Pitala ali ku khoka, ndipo anakalamba akunyozana tsiku ndi tsiku monga achitira anthu okondana. A Fanny atamwalira, Che Binali anabwera ndi miyendo yawo yotupayo, nakhala pambali pa mnzawo kuyambira pasiwa mpaka kumanda, osadya, osadandaula. Chichokereni apo miyendo inakaniratu. Nyumba zawo sizinatalikirane, koma wina analibe maso, wina analibe miyendo, ndiye moni ankayenda m'dengu la Beauty ndi panjinga ya Musa.

"Anzathuwa sachedwa ndi maliro," anapitiriza a Pitala. "Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa likamapendeka amuika. Ine ndili ku Lilongwe ndidzamva ataika kale. Iye anandiperekeza poika mayi ako, ine ndilephere kumuponyera dothi?"

"Foni ilipo, ababa. Adzatiimbira."

"Foni imalira munthu akakukumbukira. Pamaliro ndani amakumbukira wakhungu wa ku Lilongwe? Musa amakuwa ngakhale osam'tuma."

Mayankho anapumira m'mwamba. Anati akumvetsa, koma shuga sadikira mabwenzi, ndipo Loweruka anyamuka. Ananena mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunawaopsa a Pitala, chifukwa mayi ake naye akafatsa choncho nkhani inkakhala yatha.

Masiku otsatirawo anali owawa. Chakudya chinali chabwino, zovala zochapa, zikhadabo zowenga, mankhwala pa nthawi yake, koma pabwalo panali ngati pasamuka anthu. A Pitala ankangomva mawu a malonda akudutsa kutali, opanda mwini woti am'funse. Anamva Beauty akukuwa wouma, koma nkhani ija anati adabwa nayo inapita ndi dengu. Anamva munthu wachilendo akutsatsa mbaula, osadziwa kuti ndi mwana wa yani. Mercy naye ankangosuzumira n'kubwerera, poopa bwana. Kwa nthawi yoyamba chithereni maso, mkuluyu anadzimva kuti ndi wakhungu.

Lachisanu m'mawa, Mayankho ali m'nyumba kupinda malaya a bambo ake, chinthu chija chinayamba kumveka kuchigayo. A Pitala anakhazika kapu pabondo n'kuyamba kuchilondola. Chinachoka pachigayo. Chinafika pamjigo.

"Mankhwala a makoswe! Mphemvu, nsi..."

Zii.

A Pitala anadikira. Anamva nkhuku ikupalasa, anamva mjigo ukulira kwiii kwiii, anamva mtima wawo womwe. Chimkuzamawu ayi. Patapita kanthawi, kanthawi kokwanira munthu wokankha njinga, chinadzuka chili pamango.

"...safera kudenga!"

"Musa!" anakuwa a Pitala. "Iwe Musa!"

Koma ndani angapikisane ndi chinthu chimenecho? Musa anadutsa kumsewu monga anauzidwira, natsetserekera kunyanja ndi makoswe ake. Ndipo pakati pa mjigo ndi mango palibe khomo lina. Mbali iyi ndi munda wa chinangwa, mbali inayo ndi kwa Che Binali.

Kapu inagwa pansi.

"Maya! Jekete langa lakuda lija!"

Mayankho anatuluka chothamanga. "Chavuta n'chiyani, ababa?"

"Binali watisiya."

"Wakuuzani ndani?"

"Musa wazimitsa. Wazimitsa pamjigo, wayatsa pamango."

"Aaa, ababa! Mwina batire latha."

"Batire lakutha limadzuka lokha likafika pamango?"

"Nanga bwanji sitikumva kulira?"

"Anzathuwa salira mokuwa ngati ife, Shehe amaletsa. Amalirira m'mimba."

"Akanatuma munthu kudzatiuza."

"Alowere pati munthuyo? Pabwalo pano si unapatseka?"

Mawu amenewa anam'baya Mayankho. A Pitala sanadikirenso. Anadzuka, napapasa khoma mpaka kuchipinda, nasolola jekete m'chikwama momwe mwana wawo anali atalipinda kale, nalivala pamwamba pa malaya ogonera. Anatsika pakhonde ndodo patsogolo. Mayankho anawathamangira ali ndi nsapato zawo m'manja, anawaveka ali chiimire pamsewu, kenako anawagwira pachigongono, poti kuwabweza kunali kosatheka.

Anayenda mofulumira kuposa mmene munthu wa shuga amayenera kuyendera. Njira yonse a Pitala ankangoyankhula okha, kuti sanda yokulungira mtembo mwina agula kale, kuti anyamata apita kale kukakumba, kuti iwo achedwa, achedwa ndithu, munthu uja wapita ali yekha ngati alibe mnzake.

"Ababa, pamsewu palibe masamba."

"Sanathyole. Ndi zam'mawa uno."

"Pabwalo palibenso anthu. Pali mbuzi."

"Mbuzi sizidziwa maliro."

Ndodo itagunda mpanda wa bango wa kwa Che Binali, a Pitala anaima, navula chipewa. Zoti eni nyumba salira mokuwa anaziiwala. Iwo ndi a mpingo, ndipo chisoni chinawatulukira mwa kwawo, ndi mawu omwe aja ankaitanira mabwato pakati pa nyanja.

"Mayo ine! Binali mnzanga ine! Wapita osanditsanzika, Binali iwe! Ndinyozana ndi yani ine tsopano?"

Kulira kwa maliro kumapatsirana kuposa chimfine. Amayi a pamjigo anasiya zidebe zikusefukira, nabwera akuthamanga manja ali kumutu. "Mayo, Che Binali! Mayo, bambo wathu!" Wina anagwa pamchenga n'kuyamba kugubuduka. Wina, amene pa maliro alionse ndiye amayang'anira zophika, anali akufunsa kale m'misozi momwemo kuti chimphika chachikulu chili kwa yani.

Abiti Sulaimani, mkazi wa Che Binali, anali kuseri pamoto. Anatulukira pangodya ya nyumba ali ndi kapu ya phala m'manja, naona khamu likulira pabwalo pake, mnzake wa mwamuna wake ali patsogolo ndi jekete lakuda. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Mayi uja anaganiza kuti mwamuna wake watsirizika iye ali kotakasa phala, ndipo mudzi wonse wadziwa kupatula iye. Anaponya kapu uko, nakuwa kuposa onse, nalowa m'nyumba chogwa.

Kenako pawindo lotsegula panatuluka mawu. Anali ofooka, okhala ngati akuchokera m'chitsime, koma mwini wake sankasoweka.

"Kodi ndani ameneyo akundiika ndisanamwe phala?"

Pabwalo panati zii. Mayi wogubuduka uja anadzuka n'kukhala tsonga, mchenga uli m'tsitsi. Wina anati "Ii!" Wina anayamba kuseka chamumtima, chinam'pulumuka, ndipo basi, bwalo lonse linaphulika. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi, akupukuta misozi yomwe ija ndi nsonga za zitenje. Abiti Sulaimani anatulukanso atagwira pamtima, akutchula dzina la Mulungu ndi kutukwana a Pitala mpweya umodzi.

"Subuhanallah! Achimwene, mukufuna kupha ine? Inuyo ndi amene mutulutse maliro pakhomo pano!"

A Pitala anangoima, chipewa m'manja, misozi ikadatsika. Chimwemwe ndi manyazi zinawagwira pamodzi, osadziwa choyamba kumva. Mayankho yekha ndi amene sanaseke. Dzanja lake pachigongono linali litauma gwa, ndipo anawanong'oneza kukhutu.

"Mwaona, ababa? Izi ndi zimene ndimanena ine. Mwadzidzimutsa mudzi wonse chifukwa cha wogulitsa mankhwala a makoswe. Mawa m'mawa tikunyamuka, ndipo sindikufunanso kumva kanthu."

A Pitala mlandu anali ataluza, ndipo anadziluzitsa okha, pamaso pa anthu.

Apo n'kuti Musa akutulukira, njinga akukankha, kapu m'manja, chinthu chija chili chete. Kulira kuja anakumvera kunjira ya kudooko, nabwerera kudzakhuza. Anadabwa kupeza anamfedwa akuseka. Amayi aja atamva kwa Mayankho mmene zinayambira, anam'tembenukira onse.

"Ndiwe iwe! Wazimitsiranji chinthu chakocho popanda maliro? Tsiku lonse umatisokosa, lero lokha ndiye wati ukhale waulemu?"

"Tam'siyani ayankhe," anatero a Pitala. "Musa, mwana wanga, chiyambire sunandinamizepo. Wazimitsiranji?"

Musa anazengereza. A Pitala anamva mapazi ake akusuntha pamchenga, belu la njinga likugunda pang'ono pahandulo.

"Agogo, dzulo madzulo pobwerera ndinapeza galimoto yaima pano. Ankawatsitsa Che Binali atawanyamula pamphasa. Woyendetsa anandiuza kuti achokera kuchipatala, ndipo awabweza. Ndiye m'mawa uno nditafika pamjigo ndinati, ine ndizikuwa za makoswe akufa pakhomo pa munthu ali chonchi? Mtima unakana. Ndinangozimitsa. Pepani ngati ndalakwa."

Kuseka kuja kunatha ngati moto wothiridwa madzi. Amayi anayamba kutola zitenje, kuyang'ana pansi, wina ndi wina kubwerera kumjigo mwakachetechete. Zoti Che Binali anagonekedwa kuchipatala ena ankadziwa, koma zoti awabweza zinali zisanamveke. A Pitala ndiye sankadziwa chilichonse, ndipo anazindikira tsopano nkhani imene Beauty anabwera nayo m'mawa uja, yoti mnzawo akukonzekera kupita naye kuchipatala.

Abiti Sulaimani anakokera Mayankho pambali n'kutsitsa mawu, kuiwala kuti munthu wosaona amamva ndi udzu womwe ukamamera.

"Anati tikawasamalire kunyumba, mwananga. Palibenso chimene angachite. Tinagwirizana kuti achimwenewa tisawauze, poopa shuga wawoyo."

Mayankho anabwerera kwa bambo ake, ndipo dzanja lake litagwiranso pachigongono linali lofewa.

"Tiyeni mulowe, ababa. Pali sitepe apa, kwezani phazi."

Anawavula nsapato pakhomo. M'chipindamo munkanunkhira mafuta opaka ndi lubani. Che Binali anali pamatiresi pansi, pafupi ndi windo, ndipo Mayankho anakhazika bambo ake pamphasa pambali pawo. A Pitala anapapasa bulangete mpaka anapeza dzanja. Anadzidzimuka. Dzanja limene linkakweza bwato pamchenga lokha linali litatsala mafupa, lopepuka ngati phesi.

"Walira bwino, Elliot," anatero Che Binali. Ndi iwo okha amene anatsala padziko owaitana ndi dzina limenelo. "Ndakumva ndithu. Koma paja umati 'mnzanga ine' mawu anaterereka pang'ono. Ukonze pamenepo."

"Ndimangoyeserera. Ukuganiza kuti ndingataye misozi yeniyeni chifukwa cha iwe?"

"Jekete wavala?"

"Ndavala."

Zala zija zinakwera pamkono, zikupapasa nsalu. "Lomwe lija. Munthu iwe umbombo! Ndi pamaliro anga pomwe sungagule latsopano?"

"Ugule ndiwe, poti ndiwe mwini mwambo."

Che Binali anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo Abiti Sulaimani anabwera kudzawadzutsa pang'ono ndi kuwamwetsa madzi. Anapuma nthawi yaitali. A Pitala sanasiye dzanja lija. Ankamva mpweya wa mnzawo ukulowa movutikira n'kutuluka movutikira, ndipo anadziwa kuti Musa sanalakwitse kwenikweni, anangofulumira.

"Ine pawindo pano ndi pamene ndimamvera zonse," anayambanso Che Binali. "Ndisanapite kuchipatala Beauty anaima apa ndi usipa wake. Akuti kwanu kwabwera bwana wodzakutenga."

"Ali pompano. Tinyamuka mawa."

"Mawa." Che Binali anatembenuzira mutu kwa Mayankho. "Mayankho, mwananga, tasendera kuno ndikuone. Ee, nkhope ya mayi ako yeniyeni. Iwe ndinkakunyamula paphewa kudooko, unkalira ukaona nkhanu. Ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka, ababa."

"Bambo akowa atenge. Ukuchita bwino, usamvere zonena za anthu. Munthu wolira anzake ali moyo ndi woyeneradi kum'tsekera mumpanda." Anapuma. "Koma undibwereke kaye pang'ono. Andiperekeze kaye ine, ukatero udzawatenge. Sindikuchedwetsa, inshallah. Wamva wekha, a dokotala andipatsa kale chilolezo. Sindichedwa, ndikulonjeza."

A Pitala anafuna kunena chinachake choseketsa, chonyoza, chilichonse, koma nthabwala zinawathawa. Nkhope ya mwana wawo sakanatha kuiona, ndiye anachita chimene ankadziwa, anatchera khutu. Anamva Abiti Sulaimani akufwenthera kunsonga ya mpango pakhomo. Anamva mbuzi panja. Kwa Mayankho sikunachokere kalikonse, ndipo anachita mantha kwambiri, chifukwa mwanayu akaganiza chinthu sankabwerera.

Kenako mphasa inalira. Mawondo awiri anagunda pansi pafupi nawo, ndipo dzanja lachitatu linabwera pamwamba pa manja awo awiri aja. Linali lonyowa, ngati la munthu amene wangopukuta kumaso.

"Chedwani, ababa," anatero Mayankho kwa Che Binali, mawu akuduka. "Chonde chedwani. Awa ndiwasiya, ndipita ndekha. Azibwera kuno m'mawa uliwonse kudzakusokosani. Inu musafulumire chifukwa cha ine."

Che Binali anapuma kawiri konse asanapeze mpweya woyankhira.

"Ndiyesetsa, mwananga," anatero. "Ndiyesetsa."